Namkungwi, Mphunzitsi ndi Mlangizi: Mbiri ya Kuvomera Kulakwa pakati pa Otsogolera Achinyamata ku Mkanda

Dera la mfumu yaikulu Mkanda, lomwe lili kumpoto kwa boma la Mchinji ndipo limachita malire ndi Zambia, lili ndi mbiri ya mipingo imene singamveke bwino pokhapokha munthu atayang'ana mbali zonse ziwiri za malirewo. Mkanda inali mfumu ya Achewa yolamulira dziko lalikulu kuyambira m'masiku a ufumu wa Undi, koma Angoni a Mpezeni atafika m'zaka za m'ma 1860 ndi 1870 analanda gawo lalikulu la dzikolo, ndipo asilikali a Angerezi atagonjetsa Angoniwo kumayambiriro kwa 1898, malire a atsamunda anang'amba pakati anthu a mtundu umodzi, kotero kuti mpaka lero ufumu wa Mkanda uliko ku Malawi ndi ku Zambia komwe. Mchinji inkatchedwa Fort Manning pamene Chipata inali Fort Jameson, ndipo pakati pa malinga awiriwa mpamene amishoni anayamba kukhazikika. A mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku Orange Free State anafika ku Magwero mu 1899, ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula Kachebere mu 1903, ndipo a Dutch Reformed ochokera ku Cape, amene anayambira ku Mvera mu 1889, anadzatsegula mishoni yawo ya Mchinji mu 1914. Onsewa anali anthu owerengeka, choncho ntchito yeniyeni ya m'midzi inagwera achinyamata a komweko, ndipo funso lakuti wotsogolera ana a eni ake akalakwa aulule kwa yani, nanga abwezedwe motani pa udindo wake, linabuka pamodzi ndi sukulu yoyamba.

Funsoli silinali lachilendo kwa Achewa. Mtsikana akatha msinkhu ankaperekedwa m'manja mwa anamkungwi, amayi achikulire odziwa mwambo amene ankatsogolera chinamwali, ndipo ankapatsidwa phungu, munthu womuyang'anira ndi kumumasulira zimene walangizidwa, pamene anyamata ankalangizidwa ku dambwe, malo obisika a gule wamkulu. Chofunika kuchizindikira ndi chakuti khalidwe la wolangiza silinkatengedwa ngati nkhani ya iye yekha. Pa nthawi yonse ya chinamwali, namkungwi, makolo a namwali ndiponso mfumu ya mudzi ankayenera kudika, kutanthauza kusakhalira malo amodzi ndi amuna kapena akazi awo, chifukwa anthu ankakhulupirira kuti wophwanya lamuloli angadwalitse namwali mdulo, matenda otupitsa miyendo, otsokomoletsa ndi owondetsa amene ena amawatchula kuti tsempho. Wansembe J.W.M. van Breugel, yemwe anafufuza chipembedzo cha makolo a Achewa, analongosola chikhulupiriro chimenechi mwatsatanetsatane. Kaya munthu wa lero avomereze chiyambi cha matendawo kapena ayi, ganizo limene linali pansi pake nlomveka: chimene wamkulu wachita mseri chimakaonekera pa thupi la mwana amene wamusungira, ndipo mankhwala sangagwire ntchito wolakwayo asanaulule.

Kuulula kunkatsatidwa ndi kulipa. Mlandu ukafika pabwalo la mfumu, wolakwa ankabwera ndi mwini mbumba wake kapena ankhoswe ake, ankavomera pamaso pa anthu, ndipo ankapereka chipepeso cha nkhuku kapena mbuzi kwa wolakwiridwa, pambuyo pake nkhani inkatha ndipo kuibweretsanso kunali kulakwa kwina. Anthu ankati mlandu suola, potanthauza kuti kuubisa ndi kungouchedwetsa. Komabe si bwino kuikometsa nthawi imeneyo mopyola muyeso, pakuti kuulula kwina kunali kokakamiza ndiponso kwankhanza. Mayi amene wavutika pobereka ankaumirizidwa kutchula amuna amene anayenda nawo, ndipo woganiziridwa ufiti ankamwetsedwa mwavi, chakumwa cha poizoni chochokera ku makungwa a mtengo, mpaka boma la atsamunda linaletsa mchitidwewu ndi lamulo la 1911. Amishoni anapeza anthu odziwa kale kusiyana kwa munthu amene wadziulula yekha ndi munthu amene wachita kufinyidwa.

Wotsogolera achinyamata woyamba wa Chikhristu m'derali anali mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi. Kawirikawiri ankakhala mnyamata amene wangodziwa kumene kuwerenga ndi kulemba, nthawi zina wosakwatira, yemwe ankatumizidwa ku mudzi wa eni kukaphunzitsa ana m'chisakasa cha udzu, kutsogolera mapemphero a tsiku la Mulungu ndi kukonzekeretsa ofuna ubatizo. Kwa Akatolika ntchito yofananayo inali ya katekisiti, ndipo inali yolemera chifukwa ansembe a White Fathers ankasunga munthu m'kalasi ya katekisimu zaka zinayi asanamubatize. Mnyamata wotereyu ankakhala pakati pa maso awiri, a mzungu wa ku mishoni amene ankabwera mwa apo ndi apo kudzayendera sukulu, ndi a akuluakulu a mudzi amene ankamuona tsiku lililonse ndipo ambiri mwa iwo sankakondwa naye chifukwa ankachotsa anyamata ku dambwe. Ian Linden, m'buku lake la 1974 lonena za Akatolika ndi Achewa m'masiku a Nyasaland, anaonetsa mmene mkangano wa sukulu ndi nyau unakulira m'zaka za m'ma 1920. M'nyengo yotere, mphunzitsi akapezeka ndi mlandu wa chigololo, manyazi sankagwera iye yekha: sukulu inkatha kutsekeka, ndipo mfumu yosafuna mishoni inkapeza chonena.

Mipingo iwiriyi inali ndi njira zosiyana zosamalira wolakwa. Mipingo ya Reformed, kuchokera ku zivomerezo zake za ku Ulaya za m'zaka za m'ma 1500, imaphunzitsa kuti mpingo woona umadziwika ndi zinthu zitatu, zomwe ndi kulalika Mawu moona, kupereka masakramenti moyenera ndi kusunga mwambo, ndiko kudzudzula ndi kulanga wochimwa. Mishoni ya Nkhoma, ya a Dutch Reformed ochokera ku Cape aja, imene inalowa mu mpingo wa CCAP mu 1926, patangotha chaka chimodzi Namon Katengeza ndi Andreya Namkumba atadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a mishoniyo, inasonkhanitsa malamulo ake m'buku limene Akhristu amalitchula mwachidule kuti Zolamulira. Mkhristu womveka ndi mlandu ankayamba wachezeredwa ndi mkulu wa mpingo wa mlaga wake, mlaga kukhala kagawo ka mpingo ka midzi yoyandikana, kenako ankaitanidwa ku bwalo la akulu a mpingo, ndipo akapezeka wolakwa ankaimitsidwa pa Mgonero wa Ambuye kwa nthawi yoikika kapena kudulidwa. Wofuna kubwerera ankayambanso kalasi ndipo ankalandiridwa mpingo wonse ukuona. Mowa, mitala, nyau ndi chigololo ndiyo inali milandu yodziwika, ndipo mphunzitsi wogwa m'umodzi mwa imeneyi ankataya ntchito pamodzi ndi malo ake pa Mgonero.

Akatolika anali ndi sakramenti la kulapa, mmene wochimwa amaulula kwa wansembe yekha ndipo wansembeyo saloledwa kutulutsa chimene wamva, ngakhale zitavuta motani. Chinsinsi chimenechi chinkathandiza munthu kunena zimene sakanatha kunena pabwalo, koma sichinkachotsa chilango choonekera, popeza wokwatira mitala kapena wolowa m'banja losadalitsidwa ankaimitsidwa kulandira Ukaristia, ndipo mudzi wonse unkaona amene watsala pa mpando anzake akupita kutsogolo. Njira ya Nkhoma inali pafupi ndi bwalo la mfumu chifukwa inali ya poyera, pamene njira ya Kachebere inali pafupi ndi kuulula kwa m'nyumba kumene kunkachitika pofuna kuchiza wodwala. Koma m'njira zonse ziwirizi munasowa chinthu chimodzi chimene bwalo la makolo linali nacho, ndicho chipepeso chopita kwa wolakwiridwa. Wochimwa ankayanjanitsidwa ndi Mulungu ndi mpingo, koma banja la mtsikana wochimwitsidwa linkayenerabe kupita kwa mfumu kuti likalandire kanthu, ngakhale kuti nkhani ya Zakeyu, yemwe analonjeza kubweza kanayi zimene analanda, inali m'Buku Lopatulika lomwe linatuluka lathunthu m'Chinyanja mu 1922.

Kuletsa chinamwali kunasiya mpata umene amishoni sanauganizire poyamba. Makolo achikhristu ankaona kuti ana awo akukula osalangizidwa, ndipo ena ankawatumiza mobisa kwa anamkungwi, zimene zinkabweretsa milandu yosatha pa bwalo la akulu a mpingo. M'zaka za m'ma 1930 mishoni ya Nkhoma inavomera, mwa zochita zake ngakhale osati mwa mawu, kuti kungoletsa kunali kosakwanira, ndipo inakhazikitsa chilangizo, mwambo wa Chikhristu wolangiza atsikana otha msinkhu, olowa m'banja ndi oyembekezera mwana woyamba, kenaka ndi anyamata omwe. Ntchitoyi inapatsidwa kwa alangizi, amayi ndi abambo a mbiri yabwino osankhidwa ndi mpingo, ndipo Chigwirizano cha Amayi chitayamba mu 1940 chinalimbitsa mbali ya amayi. Isabel Apawo Phiri, m'buku lake la 1997 lonena za amayi a Chichewa m'Sinodi ya Nkhoma, anafotokoza chiyambi cha chilangizo ndi zofooka zake. Mlangizi analowa m'malo mwa namkungwi, ndipo anatengera pamodzi ndi udindowo chiyembekezo chakale chija, chakuti wolangiza ana ayenera kukhala woyera m'nyumba mwake. Kudika kunasiyidwa, koma mlangizi amene banja lake lasokonekera kapena mwana wake watenga mimba ya pathengo ankadziwa yekha kuti mawu ake apepuka, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Apa mpamene pali chilema chachikulu cha mwambo wa mpingo monga unkayendera, ndipo chiyenera kunenedwa mosabisa. Bwalo limaweruza chimene chili ndi umboni, ndipo palibe umboni woonekera kuposa mimba. Mtsikana sakanatha kukana, pamene mnyamata, makamaka wa m'dera la m'malire ngati la Mkanda, anali ndi njira zambiri zozembera. Ankatha kuwolokera kwa abale ake ku Fort Jameson, kukalowa ntchito m'minda ya fodya, kapena kulembetsa kwa Mthandizi ndi Wenela, mabungwe amene ankatenga anthu kupita nawo ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku South Africa, ndipo ena mwa otere anasanduka matchona, osabwereranso kwawo. Zotsatira zake zinali zakuti kulapa kwa poyera kunakhala katundu wa ofooka ndi otsala m'mudzi. Machimo amene sasiya chizindikiro pa thupi, monga kudya ndalama za chopereka, kukondera pa milandu ndi kuopseza ana, anali ovuta kuwabweretsa pa bwalo, makamaka pamene wolakwayo anali mmodzi mwa oweruza. Nkhani ya mneneri Natani, amene anadzudzula mfumu Davide pamaso, inkalalikidwa kawirikawiri, koma dongosolo la mpingo silinapereke njira yapafupi yakuti mwana wa kalasi akasumire mphunzitsi wake.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 achinyamata anayamba kukhala ndi mabungwe awoawo, otsogoleredwa ndi anzawo a msinkhu umodzi. Bungwe la SCOM, losonkhanitsa ophunzira achikhristu a m'sukulu za sekondale ndi m'makoleji, linayamba mu 1961, chaka chimodzi amishoni a Dutch Reformed asanapereke ntchito ndi katundu yense m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma. Kwa Akatolika kunabwera YCS ndi YCW, mabungwe ochokera ku ntchito ya wansembe wa ku Belgium, Joseph Cardijn, amene ankaphunzitsa achinyamata kuyamba aona bwino zimene zikuchitika, kuziweruza ndi Uthenga Wabwino, kenako kuchitapo kanthu, ndipo pa msonkhano wotsatira aliyense ankayenera kunena ngati wachita chimene analonjeza. Episkopi Patrick Kalilombe, amene anayamba kutsogolera dayosizi ya Lilongwe mu 1972, dayosizi yomwe Mchinji ili m'kati mwake, anachititsa sinodi yaing'ono kuyambira 1973 mpaka 1975 ndipo anakhazikitsa miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana topempherera pamodzi ndi kudzisankhira atsogoleri. Mu mphakati, wapampando ndi msungichuma ankayankha kwa anansi awo owadziwa kuyambira ali ana, ndipo boma la nthawiyo linaona timaguluti ngati tokayikitsa. Kalilombe anachoka m'dziko mu 1976 ndipo anatula pansi udindo wake mu 1979.

Kukayikira kwa boma kunali ndi chifukwa, pakuti chipani cholamula chinali ndi achinyamata akeake. Apayoniya, amene gulu lawo linakhazikitsidwa mu 1963, pamodzi ndi ayufi a chipani cha Malawi Congress, ankaphunzitsidwa ngodya zinayi za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo ndiwo ankaima pa misika ndi pokwerera mabasi kufunsa makadi a chipani. A Mboni za Yehova, amene ankakana kugula makadiwo, analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri anamenyedwa ndipo ena anaphedwa, mpaka anthu zikwizikwi anathawira ku msasa wa Sinda Misale, kum'mawa kwa Zambia kufupi ndi malire, kumene ambiri, makamaka ana, anafa ndi matenda. M'chigawo chimene midzi yambiri inali ndi nyumba ya mapemphero, nkosatheka kuti onse ogwira zibonga anali anthu osabatizidwa, ndipo mabwalo omwe aja amene ankatha kuimitsa mnyamata pa Mgonero chifukwa cha chipanda cha mowa analibe mphamvu, kapena kulimba mtima, koitana mnyamata amene watentha nkhokwe ya mnansi wake m'dzina la chipani. Mantha anali enieni ndipo wolemba mbiri sayenera kuwapeputsa, koma sayeneranso kubisa kuti mwambo wa mpingo unakhala chete pa tchimo lalikulu kwambiri la achinyamata a m'badwo umenewo.

Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo ya pa 8 Malichi 1992 yodzudzula kupanda chilungamo m'dziko, masinodi a Blantyre ndi Livingstonia anaima nawo, koma Sinodi ya Nkhoma inakhala pambali, pafupi ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda, yemwe anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland ndiponso mwana wa chigawo chapakati. Chodabwitsa nchakuti mpingo umene unabala Nkhoma unali utangodutsa kumene m'kulapa kwa poyera. Mu Novembala 1990, pa msonkhano wa mipingo ku Rustenburg m'dziko la South Africa, Pulofesa Willie Jonker anavomera, m'dzina lake ndi la mpingo wa Dutch Reformed, tchimo la tsankho la apartheid, ndipo Arkiepiskopi Desmond Tutu anaimirira nalandira kulapako. Ku Malawi zinthu zinayenda mwina. Chiletso cha a Mboni chinachotsedwa mu 1993, asilikali analanda zida za apayoniya mu Disembala chaka chomwecho pa chimene chinatchedwa Operation Bwezani, ndipo Dr. Banda, atapezeka wosalakwa pa mlandu wa imfa za ku Mwanza, anapepesa mtundu wa Amalawi mu Januwale 1996, koma mwa mawu akuti ngati ena anazunzika chifukwa cha anthu ogwiritsa ntchito dzina lake kapena mosadziwa iye mwini. Pabwalo la mfumu ya Achewa, kupepesa kwa mtundu umenewo, kosatchula chimene walakwa ndi amene wamulakwira, sikukanatseka mlandu. Boma linakhazikitsa bwalo lopereka chipukutamisozi kwa ozunzidwa, koma anyamata amene anazunza anzawo anabwerera m'midzi ndi m'mipingo popanda mwambo uliwonse wowaululitsa kapena wowayanjanitsa ndi anansi awo.

Zaka zotsatira zinabweretsa mtundu wina wa kuulula. Alaliki achinyamata obadwa mwatsopano, amene Rijk van Dijk anawafufuza mu mzinda wa Blantyre, anali atayamba kale m'zaka za m'ma 1970 kulalika m'misika ndi kuitana anthu kuti ataye zithumwa ndi kulapa poyera, ndipo ufulu wa zipembedzo utakula pambuyo pa 1994 mipingo ya Chipentekoste ndi mafelosipu zinafika mpaka m'misika ya kumidzi. Umboni, ndiko kufotokoza pamaso pa anthu moyo woipa umene munthu wausiya, unakhala chinthu chopatsa ulemu, mosiyana ndi kulapa kwa pa bwalo la akulu kumene kunali kwa manyazi. Komabe umboni umakamba za kale, za munthu asanatembenuke, ndipo suthandiza kwenikweni mtsogoleri amene walakwa dzulo ali kale pa mpando. Pa nthawi yomweyo matenda a Edzi, amene anapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, anabwezeretsa mwa njira yowawa ganizo lakale la mdulo, lakuti chobisika cha munthu mmodzi chimapha osalakwa a m'nyumba mwake, ndipo alangizi anayenera kuyamba kukamba poyera zimene kale zinkanenedwa mophiphiritsa.

Milandu ya masiku ano ya m'magulu a achinyamata ndi makwaya kawirikawiri ndi ya ndalama. M'dera lolima mtedza, soya ndi fodya ngati la Mkanda, gulu limapeza thumba lake pochita ganyu m'minda ya anthu, polima munda wa gulu kapena pa mwambo wa pepa sande, ndipo ndalamazo zimasungidwa ndi msungichuma amene nayenso ali ndi mavuto a kunyumba m'miyezi ya njala. Apa mwambo wa makolo ndi wa mpingo zimagwirizana mosavuta, chifukwa aliyense amadziwa kuti kupepesa kopanda kubweza nkosakwanira, ndipo wobwera yekha kudzanena kaundula asanawerengedwe amalandiridwa mosiyana ndi wochita kugwidwa.

Mlandu wa mtsogoleri wochimwitsa mtsikana ndiwo wasintha kwambiri, ndipo chausintha si mpingo koma malamulo a dziko. Kuyambira 1993 mtsikana wotenga mimba ali pa sukulu amaloledwa kubwerera m'kalasi akabereka, lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 atengedwe kuti ndi mwana. Njira ziwiri zimene mabanja ndi akulu a mpingo ankathetsera nkhani yotere, kulipitsa mbuzi kapena kukwatitsa awiriwo mwamsanga kuti abwezedwe pa Mgonero, tsopano nzoletsedwa pamene wolakwiridwa ali mwana, ndipo bwalo la mpingo lobisa mlandu wotere limadziika lokha pa mlandu. Wapampando wa achinyamata kapena mphunzitsi wa Sande sukulu akhoza kulapa kwa wansembe, kapena kuvomera pamaso pa akulu a mpingo ndi kuyambanso kalasi, koma nkhani yake imayenera kukafika ku polisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, ndipo wothawira tsidya lina la malire amakhala akufunidwa ndi boma, osati ndi ankhoswe okha monga zinalili m'masiku a Fort Manning.